Chitseko Chosamaliza Kufiira

Tangolotani: kodi mtundu wa chitseko chija unachokera kuti?

Chitsekocho ndi cha chipinda cham'mwamba kwambiri, m'nyumba yosanja imene yayang'anizana ndi depoti ya mabasi. Zitseko zonse za m'nyumbayo ndi zotuwa, monga momwe mwini nyumba anazipentera kalekale, koma chimodzi chokha ndi chofiirira. Si chofiira kwenikweni, komanso si pinki wa pa diresi la mwana. Mayi wogulitsa mazira wa m'chipinda chapansi amati ndi mtundu wa lilime la mphaka. Wokonza mawailesi amati ndi mkati mwa gwafa wosapsetsa. Ena amangoseka, amati wopentayo penti wofiira anamuthera ntchito ili pakati. Koma amene anapenta chitsekocho si munthu wotheredwa penti.

Anthu amawatchula a Kasakaniza, chifukwa ntchito yawo ndi yosakaniza penti m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Munthu akabwera ndi kachidutswa ka nsalu, kapena tsamba, kapena chivundikiro cha botolo, n'kunena kuti akufuna khoma lake lioneke choncho, a Kasakaniza amapita nacho pakhomo pamene pali kuwala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali ngati akuchimvetsera. Kenako amatsegula zitini zawo. Dontho la chikasu, madontho angapo ofiira, kakuda pang'ono kunsonga ya kamtengo. Kuseri kwa sitoloyo kuli chitseko chakale chimene chinachotsedwa penapake, chotsamira khoma, ndipo ndi pamenepo amayesera mitundu yawo asanaipereke kwa mwini wake.

Akazi awo ndi a Telala. Makina awo osokera ali pa zenera la chipinda cham'mwamba chija, pamene munthu amaona madenga a mabasi akulowa ndi kutuluka ngati ng'ombe m'khola. Impso za a Telala zitasiya kugwira ntchito, anayamba kupita kuchipatala katatu pa sabata kuti makina akawasefere magazi. Makinawo ankachita mbali yake. Koma a Kasakaniza anaona msanga chinthu chimene ena sankachiona: akazi awo ankasuluka. Milomo, zikhatho, pansi pa zikhadabo, ponseponse zinali ngati m'mawa uliwonse wina ankathiramo penti woyera n'kutakasa. Ankazizidwa ali padzuwa. Phazi lawo linkaima lokha pa chopondera cha makina, iwo atagona chikhalire, nsalu ili m'manja. Ndipo anayamba chizolowezi chachilendo chokukuta ayisi. Ngakhale kuchipatala anawaletsa kumwa madzi ambiri, ankaba timiyala ta ayisi m'firiji n'kumatikukuta mobisa ngati mbewa.

Tsiku lina akuchokera kuchipatala anaima pakati pa masitepe. Mtima unkagunda kukhosi, makoma ankazungulira. Anakhala pansi, ndipo sanathenso kukwera kapena kutsika. Anthu anachita kuwanyamula, ndipo mkulu wawo, amene amakhala m'nyumba yapansi misewu iwiri kuchokera pamenepo, anabwera kudzawatenga.

"Alamu," anatero mayiyo kwa a Kasakaniza, manja ali m'chiuno, "munakwatira munthu kapena nkhunda? Kumuika mng'ono wanga pamwamba ngati chisa!"

"Kumwambako kuli mphepo yabwino, alamu."

"Mphepoyo muzipuma nokha. Uyu akhala kwa ine."

Nyumba ya alamuwo inali yodzaza ndi ana ndi adzukulu, mwamuna wa munthu analibe pogona. Choncho a Kasakaniza anatsala okha kumwamba. Akaweruka kuntchito ankakakhala pa kampando pakhonde la alamu awo, chipewa chili pabondo, ngati mnyamata wodzafunsira mbeta.

Chipinda chosefera magazi chinali ndi mazenera aatali ndi mipando ikuluikulu yogonamo, yondondozana. Masana dzuwa linkalowa mopendekera n'kugwera pa machubu, ndipo magazi a anthu ankaoneka akutuluka m'mikono, kukazungulira m'makina, n'kubwerera kwa eni ake ngati ana ochokera kosewera. Timagudumu ta makina tinkazungulira mwakachetechete. Odwala ankasinza atafunda mabulangeti, wina akadzuka wina n'kugona, moti nthawi m'chipindamo inkayenda ngati madzi a m'dambo.

Tsiku limene a Telala anayamba mankhwala atsopano, a Nesi anabwera ndi kajakisoni kozizira kochokera m'firiji, komanso kabotolo ka mankhwala oderako ngati tiyi wopanda mkaka.

"Abambo, sendererani mumve nawo," anatero a Nesi. "Impso sizingosefa magazi ayi. Zimatumizanso uthenga ku mafupa kuti azipanga magazi atsopano. Impso za amayiwa zinasiya kutumiza uthengawo, n'chifukwa chake magazi awachepera. Jakisoni uyu ndiye mthenga."

"Nanga choderacho?"

"Ameneyo ndi ayironi. Mthenga akafika, mafupa amafuna chopangira. Mmisiri samanga popanda njerwa."

Atatero a Nesi anagwira tsaya la a Telala ndi chala chachikulu, n'kukokera pansi chikope cham'munsi kuti aone mkati mwake. A Kasakaniza anasuzumira. Munali moyera ngati mkati mwa chikamba cha dzira.

Mtima wawo unabwerera kutali. Malo amenewo ankawadziwa. Ali mnyamata, mtsikana wina analowa m'sitolo diso lili misozi, kachitsotso ka mumsewu katamugwera. Iwo anapita naye pakhomo pamene pali kuwala, anakokera chikope pansi, n'kuchotsa kachitsotsoko ndi nsonga ya mpango. Kachitsotso kanachoka, koma kufiira kumene anakuona m'chikopemo sikunawachoke m'maso. Kunali kufiira kwamoyo, konyowa, kumene sikupezeka m'chitini chilichonse. Mtsikanayo ndiye a Telala.

Madzulo a tsikulo anapita kuseri kwa sitolo. Kumapeto kwenikweni kwa chitseko chakale chija anapakapo mzere wa kufiira kumene ankakukumbukira. Kumayambiriro anapakapo mzere woyera ngati chikamba cha dzira. Pakati panatsala danga lalikulu. Kuyambira pamenepo, sabata iliyonse ankayang'ana m'chikope cha akazi awo, kusunga mtunduwo m'maso ngati munthu wonyamula madzi m'manja, n'kuthamanga nawo kusitolo kukausakaniza usanatayike.

"Abwera a Kasakaniza kudzayendera khoma lawo!" ankafuula choncho, akawaona akusuzumira m'chikope cha akazi awo, a Dalaivala, bambo wanthabwala wa pampando woyandikana ndi wa a Telala, amene kale ankayendetsa mabasi. "Achimwene, mukatha kumeneko mundipakeko wofiira kumasayaku, akazi anga ayambirenso kundichitira nsanje."

"Inu mukufunika kupala kaye, a Dalaivala," ankayankha a Telala maso ali chitsinzinire. "Penti sagwira pa dzimbiri."

Mizere inayamba kuyenda pa chitseko chija. Poyamba kusiyana kwake kunali kochepa, moti munthu wina akanati ndi mzere umodzi. Kenako munalowa kuwala kwina, ngati kum'mawa kukamayamba kucha. A Telala anasiya kufunda bulangeti masana. Ankawauza amuna awo maloto amene ankalota ali pa makina osefera magazi: akuti ankaona nsalu yaitali yofiira ikutuluka m'mkono mwawo, ikudutsa pazenera, ikukwera masitepe yokha mpaka kukagona pansi pa singano ya makina awo osokera.

"Bambo, tiyeni ndikayese kukwera masitepe aja," anatero a Telala tsiku lina ali pakhonde la mkulu wawo.

A Kasakaniza anawayang'ana m'chikope, n'kupukusa mutu.

"Dikirani kaye, mayi. Simunafike."

"Kufika kuti?"

"Ndikudziwa ine. Mukafika ndikuuzani."

Mizere inali itadutsa pakati pa chitseko pamene a Nesi tsiku lina anamasula machubu, kumata thonje pamkono, n'kuyamba kuchoka osabaya kanthu.

"Lero jakisoni mwaiwala, a Nesi."

"Sindinaiwale, abambo. Zotsatira za magazi zabwera. Afika pamene adokotala amafuna, komanso magazi ayamba kuthamanga pang'ono. Tiyamba tapumira, kenako tizidzabaya wocheperako."

"Afika?" A Kasakaniza anaimirira. "Pepani a Nesi, sukulu yanu sindikuinyoza, koma mayiwa ndimawadziwa ndine. Sanafike. Pakufunikabe wofiira."

A Nesi sanapse mtima. Anatenga dzanja la a Kasakaniza n'kuliika pamkono wa a Telala, pamene madokotala analumikiza mitsempha kuti makina azikokerapo magazi. Pansi pa khungu pankanjenjemera ngati muli njuchi.

"Mukuimva njuchiyo? Moyo wa amayiwa ukudutsa pamenepo. Munthu wa pamakina sitimufikitsa pa mlingo wa munthu wa impso zabwino. Timaimira panjira mwadala. Tikapitirira, magazi amalimba ngati penti amene mwamusiya osavundikira. Mtsempha uwu ungatsekeke, njuchiyo n'kukhala chete. Ena amachita sitiroko."

A Kasakaniza anamva ndi makutu, koma mawuwo sanatsikire mumtima. Moyo wawo wonse anali asanaperekepo khoma kwa mwini wake atangolipaka kamodzi. Anakaima kuseri kwa sitolo, akuyang'ana danga limene linatsala pakati pa mzere watsopano ndi mzere wa kumapeto uja. Linali lalikulu ngati chikhatho chawo.

Sabata yomweyo alamu awo anawalandira pakhonde ndi nkhani.

"Alamu, ndapeza kagalimoto. Loweruka tikatenga makina osokera ndi zovala zake. Nthawi yonseyi akuti akuchira, akuchira, koma inu nomwe mukuti sanafike. Ndiye basi, akhazikike kuno. Inu mukafuna kumuona njira mukuidziwa."

"Makinawo ali bwino pamene alipo, alamu."

"Ali bwino kwa ndani? Mwayamba kusoka inu?"

A Kasakaniza anadziwa kuti makina akatsika, akazi awo sadzakweranso. Munthu amakhala kumene kuli ntchito ya manja ake.

Lachisanu m'mawa, m'sitolo munalowa munthu wa masaya onona amene poyamba sanamuzindikire. Anali a Dalaivala. Iwo anali atasowa pa mpando wawo kwa nthawi, chifukwa mng'ono wawo anawapatsa impso.

"Achimwene, impso ya mng'ono wangayo ndi yakhama kuposa mwini wake! Iye uja sadzuka dzuwa lisanakwere, koma impso yake usana ndi usiku ili pantchito." Anaika fulasiki pa tebulo n'kutsitsa mawu. "Ndamva kuti khoma lanu alisiyira panjira. Awa ndi majakisoni anga owonjezera magazi amene ananditsalira, ine sindikuwafunanso. Asachoke mu ayisi. Kubaya kwake n'kosavuta: mutsine khungu la pamimba, lowetsani, basi."

Tsiku lonse fulasikiyo inakhala pa shelefu pakati pa zitini, ndipo a Kasakaniza ankangoiyang'ana. Munthu wina anafuna buluu wa kumwamba, iwo anamusakanizira wobiriwira. Dzuwa litapendeka anapempha kuti aweruke msanga.

Anapeza a Telala ali okha pakhonde, akusomeka mabatani pa malaya a mdzukulu wa mkulu wawo. Alamu anali atapita kukapangana ndi mwini galimoto. A Kasakaniza anakhala pa kampando kawo, anatsegula fulasiki, n'kufotokoza zonse mwachangu ngati mwana amene akuopa kuti amudula mawu. Majakisoni ochepa okha, anatero. Danga latsala laling'ono. Akangofika pa mzere womaliza, akwera masitepe ngati mtsikana, ndipo galimoto ibwerera yopanda kanthu.

A Telala anabaya singano pa kolala ya malaya aja n'kuwayang'ana amuna awo.

"Mzere wanji, bambo?"

Anawauza za chitseko cha kuseri kwa sitolo, ndi za kufiira kwa tsiku la kachitsotso.

A Telala anaseka mpaka anagwira pamtima.

"Mayo ine! Ndiye nthawi yonseyi mukundiyeza ndi diso limene munali mwagwera mchenga? Bambo, diso lija linafiira chifukwa ndinalitikita kuchokera ku depoti mpaka kusitolo kwanu!"

A Kasakaniza anatembenuza chipewa chawo pabondo.

"Komanso ine si khoma," anapitiriza a Telala, tsopano mofatsa. "Khoma mukalikhutitsa penti silichita sitiroko. A Nesi munawamva. Njuchi yanga isiyeni izilira."

Anapisa dzanja m'fulasiki n'kutulutsa kamwala ka ayisi. Anakaika pachikhatho, kakuwala ndi dzuwa, madzi akutsika pakati pa zala. Anakayang'ana ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale koma wasowa chomuuza. Kenako anakabwezera.

"Mwaona? Kale ndikanakulandani fulasiki yonseyi. Sindikudziwa n'komwe kuti ndinasiya liti kufuna ayisi." Anavundikira fulasiki. "Mankhwalawa tikawapereke kwa a Nesi, iwo ndiwo adziwe chochita nawo. Koma ayisi akusungunuka, ndipo firiji ya muno adzukulu amaitsegula ngati chitseko cha basi. Achemwali akawaona, nonse ndi a Dalaivala anuwo mulowa m'fulasiki momwemu. Tiyeni tikawaike m'firiji yathu. Ndikuperekezani mpaka pansi pa masitepe."

Anayenda pang'onopang'ono m'misewu iwiri ija. Dzuwa linali litatsika mpaka pa madenga, ndipo fumbi la mabasi linkayandama mumpweya ngati ufa wa golide. Wometa tsitsi anaimitsa lumo kuti awaone. Mayi wa mazira anaomba m'manja. A Telala ankayankha moni aliyense, dzanja limodzi lili pa mkono wa amuna awo, ndipo kwa a Kasakaniza zinali ngati msewu wonse waupaka kumene, sunaume, ndipo iwo akuyendamo mosamala kuti asasiye mapazi.

A Telala anakhala pa sitepe yoyamba. "Kwerani, ndikudikirani."

Kumwamba chipinda chinali chete. A Kasakaniza anaika majakisoni m'firiji, n'kuima pafupi ndi makina osokera. Pansi pa singano panali padakali nsalu ya buluu imene akazi awo anaisiya pakati, fumbi litagona m'mapindo ake. Mawa nthawi ngati imeneyi pazenerapo padzakhala popanda kanthu, padzangotsala mabala anayi pansi pamene panali miyendo ya makina. Anaima choncho osadziwa kuti aima nthawi yaitali bwanji.

Kenako anamva phazi pa masitepe.

Linali phazi limodzi, kenako linzake, kenako chete. Ana a m'nyumbamo sakwera choncho, amathamanga. Wokonza mawailesi amakwera akuimba mluzu. A Kasakaniza anatuluka n'kusuzumira pansi. Anaona pamwamba pa duku la akazi awo, ndi dzanja litagwira chitsulo cha m'mbali.

"Mayi!"

"Musatsike!" Mawuwo anakwera akuzungulira ndi masitepe. "Mukatsika ndibwerera."

Anagwira chitsulo nawonso, kumwamba kwake, ndipo ankamva m'chitsulomo dzanja la akazi awo likusuntha kutali pansi. Pokhota poyamba a Telala anapuma. Pamalo pamene anagwera paja anakhala pansi, ndipo a Kasakaniza anatsala pang'ono kutsika. Koma anamva akucheza ndi mphaka wa mwini nyumba, akumufunsa ngati anawasowa. Kenako phazi linayambiranso. Duku linkakula pang'onopang'ono, likutuluka mumthunzi kulowa m'kuwala kwa kazenera ka pa masitepe, n'kulowanso mumthunzi, ngati chinthu chimene chikukwera kuchokera pansi pa madzi.

Anafika ali wefuwefu, thukuta lili pamphumi. Anatsamira chitseko chotuwa chija n'kutseka maso mpaka mpweya unabwerera. Atatsegula anapendeketsa nkhope cha kuzenera.

"Bwerani, a Kasakaniza. Yang'anani. Ndikudziwa kuti chala chikukuyabwani."

Ndi chala chachikulu, chimene m'chikhadabo chake munali penti wobiriwira, anakokera chikope pansi. Mtundu unali womwe uja umene a Nesi anaimirapo. Sunasunthe ngakhale pang'ono. Danga lija linalipobe, lalikulu ngati chikhatho. Koma munthu anali pakhomo pake, atakwera yekha.

A Telala analowa, anapukuta fumbi pa makina ndi nsonga ya duku, n'kuika phazi pa chopondera.

Loweruka galimoto inafika, n'kuima pansi. Alamu anakwera masitepe akukalipa, koma pofika pamwamba mawu anali atawathera. Anagwera pa mpando, akudzikupiza ndi mpango.

"Madzi... alamu... ndipatseni madzi."

"Achemwali," anatero a Telala osaimitsa makina, "kodi tikakubayitseni jakisoni wanga uja?"

"Iwe, usandiyankhule. Ukadzagwanso pa masitepewa usadzandiitane." Anamwa madzi, anayang'ana pazenera, n'kuusa moyo. "Koma mphepo ilikodi kuno."

Galimoto inabwerera yopanda kanthu. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala a Kasakaniza anapereka fulasiki kwa a Nesi ndi manja awiri, maso ali pansi, ndipo a Nesi anati a Dalaivala adzawamva akadzabwera kudzayezedwa. Patapita nthawi jakisoni anayambiranso, wocheperako, monga ananenera. A Telala amapitabe ku makina a kuchipatala katatu pa sabata, ndipo pobwera amapuma pokhota paliponse. Masiku ena amakhala pansi nthawi yaitali ndithu. Mzere wa kumapeto kwa chitseko chakale chija a Kasakaniza anaupaka woyera, ndipo tsopano amayeserapo mitundu ya anthu ena.

Koma Lamlungu lotsatira Loweruka la galimoto lija a Kasakaniza anabwera ndi chitini chaching'ono ndi burashi yatsopano. Anapala penti wotuwa pa chitseko chawo, anapaka kamodzi, anadikira kuti aume, n'kupakanso kachiwiri, pakuti ntchito yawo saisiya pakati.

Mtundu wa chitsekocho ndi wa mkati mwa chikope cham'munsi cha a Telala, monga munalili tsiku limene anakwera masitepe okha.